Abambo Owerenga Mita Atasowa Chowerenga

Nditayamba ntchito ya uphunzitsi ananditumiza ku sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Namitambo. Nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, choncho ndinanyamula sutikesi yanga n'kukakhala kwa amayi anga aang'ono, omwe nyumba yawo inali m'mbali mwa msewu, kamtunda pang'ono kuchokera pamsika. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wa mawu omveka tsidya lina la msewu ngakhale akunong'ona. Ankasoka mayunifomu a ana asukulu pamakina opalasa ndi miyendo, komanso anali ndi filiji youmitsira mafirizesi ogulitsa tsiku la msika. Magetsi m'nyumbamo anawasiyira ndi malemu amuna awo, amene ankagwira ntchito ku Limbe.

Mita yathu inali pakhonde, pamwamba pa zenera, kabokosi kakuda kokhala ndi galasi, m'kati mwake muli kambale kozungulira. Filiji ikayamba kulira kambaleko kankathamanga, ndipo amayi ankakayang'ana ngati mmene umayang'anira nkhuku ya eni ikudya chimanga chako pamphasa.

Mwezi uliwonse kunkabwera abambo owerenga mita. Anali munthu wamtali, woonda, wa cha ku Mpama. Akazi awo anamwalira kalekale, ana onse anali m'tauni. Ankayenda pa njinga yamoto ya kampani, yomwe kuti ilire ankayamba aikankha kaye potsetsereka. Pensulo kukhutu, buku m'khwapa. Ntchito yawo pakhomo pathu inali ya mphindi imodzi, kukwera pakampando, kusuzumira pagalasi, kulemba, kutsika. Koma ankatha maola awiri.

"Mwalembanso zabodza, abambo," amayi ankayamba choncho, osadzutsa mutu pamakina.

"Mita sinama, amayi."

"Mita sinama, koma wowerengayo?"

"Wowerenga amalemba zimene waona."

"Ndi maso omwewo? Khalani pansi, mungagwere pa nsalu za anthu."

Abambowo ankakhala. Ndiyeno zinkapezeka kuti tsiku lomwelo amayi anaphika kalongonda. Aliyense wa kwathu amadziwa kuti kalongonda si nyemba yophika mwamasewera. Imafuna nkhuni zambiri, kutaya madzi kangapo, ndi munthu wokhala pamoto kuyambira m'mamawa, chifukwa ukaifulumizitsa imaledzeretsa. Komatu amayi ankati yangopezeka. Abambowo ankadya mwakachetechete, kenako n'kuyamba kufotokoza za misewu yomwe yakumbika ndi mvula, mtengo wa nandolo, ndi agalu a m'makomo mwa anthu, omwe ankawadziwa onse khalidwe lawo. Amayi ankatsutsa chilichonse. Akamachoka, ankaima pakhonde kuwaonerera akukankha njinga ija, n'kunena kuti, "Munthu wochedwetsa anzake ntchito uja."

Zinayenda choncho zaka zitatu ine ndilipo, ndipo anthu ankati zinayamba ndisanabwere.

Tsiku lina kunamveka uthenga woti eni nyumba zonse za magetsi akasonkhane kusukulu kwathu Loweruka. Msonkhanowo unachitikira m'kalasi yanga ya sitandade 4, moti azibambo amimba zawo anadzipanikiza m'madesiki a ana, maondo ali kuchibwano. Kutsogolo kunaima mayi wachitsikana wa ku kampani ya magetsi, atanyamula kabokosi koyera ka mabatani ngati a foni.

Anafotokoza modekha ngati wazinenapo kambirimbiri. Anati mita zakale zonse zichotsedwa, abweretsa zamakono. Munthu azigula kaye mayunitsi, apatsidwe manambala, awalowetse pakabokosiko, ndiye magetsi ayake. Mayunitsi akatha, magetsi azizima okha. Sipadzakhalanso bilu yongoyerekeza, kukangana ndi ofesi, kapena anthu obwera ndi makwerero kudzadula waya. Aliyense aziona ndi maso ake mmene magetsi akuthera, n'kudziletsa yekha. Anawonjezera kuti mitayo ndi yanzeru, imatumiza yokha uthenga ku ofesi, moti wina akaiseweretsa kuti abe magetsi, iwo adziwa ali khale pampando.

Mkulu wina wa chigayo anakweza mkono. "Mwati imalankhula ndi ofesi?"

"Inde, abambo."

"Ndiye magetsi akathima masiku atatu, izikawauza kuti kuno kuli mdima? Chifukwa ife tikawauza samva, kapena mnzawoyo azimumvera."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo mtsikanayo nayenso anaseka n'kunena kuti akafunsa. Amalume anga, mchimwene wawo wa amayi, omwe ndi dikoni ku tchalitchi kwathu, anafunsa ngati nyumba ya Mulungu nayonso izilipira isanaone kuwala. Anayankhidwa kuti inde. Anakhala pansi akupukusa mutu.

Amayi anadikira mpaka kumapeto. Anaimirira, kukonza chitenje, n'kufunsa: "Nanga owerenga mita aja aziwerenga chiyani?"

"Mita izidziwerenga yokha, amayi. Ena apatsidwa ntchito zina, achikulire akapuma."

"Oho," anatero amayi, n'kukhala.

Njira yonse yobwerera sanalankhule, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo. Titafika pachipata m'pamene anaphulika. Anati dziko likupita kuphompho, kuchotsa anthu ntchito chifukwa cha kabokosi, ana a anthu adya chiyani. Ndinawakumbutsa kuti ana a abambo aja ndi akuluakulu, wina ndi dalaivala wa minibasi.

"Ndani akunena za abambo aja? Ine ndikunena za dziko."

Patapita milungu ingapo anabwera amuna awiri ovala maovololo. Wina anakwera papolo, wina anagulula mita yakale ija pakhonde. Amayi anaipempha, akuti anagula ndi amuna awo, koma anawauza kuti ndi katundu wa kampani. Pakhoma panatsala chizindikiro choyera cha makona anayi. Kabokosi ka mabatani anakaika pabalaza, pafupi ndi kalendala. Amunawo atangotuluka, amayi anatenga kansalu koluka kamene kankakhala pawailesi n'kukavindikira.

"Mwatani, amayi?"

"Sunamve? Kamanena miseche ku ofesi. Kasaone zochitika m'nyumba mwanga."

Mayunitsi oyamba ndinagula ndine, pa shopu ina pamsika. Amakupatsa kalisiti ka manambala twente, ndipo ukalakwitsa imodzi kabokosi kamakana. Ndinalowetsa, amayi ali kumbuyo kwanga manja m'chiuno. Ndinati abwere ndiwaphunzitse. Anakana, akuti maso awo sangaone timanambala tangati mazira a nyerere.

Sabata yomaliza ya mweziwo ndinapeza kalongonda ili pamoto. Palibe anabwera. Tinaidya masiku atatu, m'mawa ndi masana omwe.

Ndiye tsiku lina ndikuweruka kusukulu ndinaona njinga yakapalasa yatsamira mtengo wa mango pakhomo. Ndikulowa, ndinapeza abambo aja aima pabalaza, kalisiti m'manja, mphuno pafupi kugunda mabatani. Yunifomu ya kampani analibe, anavala shati yoyera yositidwa bwino. Anawapumitsa ntchito, njinga yamoto anabweza, ndipo tsopano akuti ankayendayenda kufufuza mitengo ya nandolo, ngakhale kuti nandolo anali asanachite n'komwe maluwa.

"Mayunitsi anandithera uli kusukulu," amayi anatero msangamsanga. "Mafirizesi akanasungunuka onse. Mwayi wake abambowa amadutsa."

Kuchokera ku Mpama kufika kwathu si njira yodutsa.

Kuyambira pamenepo mayunitsi m'nyumba mwathu anayamba kutha modabwitsa. Amayi anati iwo ndi amene azigula, popeza filiji ndi yawo, ndipo ankagula ochepetsetsa, ongokwanira masiku awiri kapena atatu. Kabokosi kaja kakatsala pang'ono kutha kankalira kuti tswii, tswii, ngati mwanapiye wosochera. Kakangolira, amayi ankatulutsa foni pachitenje, kudina nambala osayang'ana paliponse, kuisiya iitane kamodzi, n'kudula. M'mawa mwake njinga inali patsinde la mango. Munthu amene kale ankabwera kamodzi pamwezi tsopano ankabwera katatu pasabata. Ndondomeko yatsopano ija, yomwe inabwera kudzathetsa maulendo a owerenga mita, pakhomo pathu inawachulukitsa.

Ine, mphunzitsi wa masamu, sindinaone zonsezi. Ndinkangoona mayi wovutika ndi maso, wosowa ndalama zogulira mayunitsi okwanira, ndi bambo wachikulire akupalasa mtunda wautali chifukwa cha chifundo. Ndinamva chisoni. Malipiro atatuluka ndinapita pashopu paja n'kugula mayunitsi oti atha mwezi wathunthu ndi kupitirira. Ndinawalowetsa ndekha, kenako ndinaitana amayi kuti adzaone, ndikuyembekezera madalitso.

Anavundukula kansalu kaja, n'kuyang'ana nambala yomwe inali pagalasi. Maso awo ovuta aja anaiwerenga kamodzi kokha.

"Iwe, wachita chiyani?"

"Ndagula a mwezi wonse, amayi. Abambo aja apumeko, msewu uja ndi woipa."

"Anakudandaulira?"

"Ayi, koma…"

"Ndiye unatumidwa ndi ndani? Ndalama zikukuyabwa? Ukanagula nsapato, taona zimene wavalazo."

Anabwerera pamakina awo ndipo anapalasa mwaukali moti singano inathyoka.

Zimene zinachitika sabata imeneyo sindidzaziiwala. Amayi, omwe ankandikalipira ndikaiwala kuzimitsa babu la kubafa, anayatsa mababu onse masana dzuwa likuswa mtengo. Anatulutsa ayironi yamagetsi yomwe inali m'katoni chimwalirire amuna awo, n'kusita makatani, zofunda, matumba a pilo, ngakhale zigamba zotsala posoka. Analengeza kwa anansi kuti wofuna kutchaja foni abwere, n'zaulere. Pabalaza panadzaza mafoni ngati pa shopu. Anabwereka ketulo yamagetsi kwa akazi a abusa ndipo madzi ankawira tsiku lonse, popanda womwa tiyi. Mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi dengu la zovala za banja lonse kudzasita, ndipo amayi anamupatsa mpando n'kumuuza kuti asafulumire.

Mayiyo ndi amene ananditsegula m'maso. Ndinamudandaulira kuseri kuti amayi mutu sukuyenda bwino. Anandiyang'ana, ayironi ili m'manja, n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Aphunzitsi, sukulu yonseyi munaphunzira chiyani? Msika wonse ukudziwa, mwatsala inu nokha ogona m'nyumba momwemo."

Mayunitsi a mwezi wathunthu anatha m'masiku naini. Kabokosi katalira, amayi anazimitsa mababu onse, kubweza ketulo, kuuza eni mafoni kuti zaulere zatha, n'kutulutsa foni yawo pachitenje. Ine sindinagulenso mayunitsi.

Nkhani yomwe msika wonse ukudziwa siichedwa kufika kwa dikoni. Lachinayi lina, nthawi ya tchuthi, amalume anatulukira chakumasana atavala jekete la kutchalitchi. Anapereka moni, n'kukhala pabalaza pampando woyang'anizana ndi kabokosi kaja. Magetsi anali atatha m'mawa, filiji ili duu. Amayi anawafunsa ngati kumudzi kuli bwino. Anati kuli bwino, angobwera kudzapuma.

Posakhalitsa belu la njinga linalira. Abambo aja analowa akumwetulira, koma ataona jekete kumwetulirako kunathera panjira.

"Khalani, abambo," anatero amalume. "Ndamva kuti munapuma ntchito."

"Ndinapuma, abambo."

"Zikomo. Nanga pakhomo pano mumawerenga chiyani?"

Abambowo anayang'ana pakhoma, anayang'ana amayi, anayang'ana maondo awo. "Ndimathandiza manambala."

"Ntchito yabwino. Kuthandiza amasiye n'kofunika. Thandizani tione, nafenso kutchalitchi kabokosi kameneka kamativuta."

Amayi anapereka kalisiti. Abambowo anaimirira, kuvundukula kansalu, n'kuyamba kudina ndi chala chimodzi. Apa m'pamene ndinaona chinthu chimene sindinkachilabadira masiku onse: munthuyu manambala ankawaona movutikira. Ankatalikitsa kalisiti, kukayandikitsa, kukapendeketsa chakuzenera. Atamaliza, kabokosi kanakana. Anayambiranso. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa shati yoyera ija.

"Seveni," amayi ananong'ona. Koma ndanena kale za kunong'ona kwa amayi.

"Achemwali, mwati chiyani?" anafunsa amalume.

"Ndati kwatentha."

Kabokosi kanakananso kachiwiri. Kachitatu abambowo anadumpha mzere wonse wa manambala, n'kuima chala chili m'mwamba, osadziwa pomwe afika. Kukhitchini, madzi a mafirizesi anali atayamba kudontha pansi pa filiji. Amayi anapirira mpaka pamene mtima wawo wa bizinesi unalephera.

"Tabweretsani kuno!"

Anatsomphola kalisiti, kukayang'ana kamodzi, n'kudina manambala onse twente ndi chala chamanthu, mwaliwiro la mtsikana wa ku banki. Kabokosi kanavomera. Filiji inadzuka n'kuyamba kulira.

Amayi anaima chomwecho, kalisiti m'manja, atazindikira zimene achita. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Amalume anavula magalasi awo, kuwapukuta ndi mpango pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Ambuye achita zozizwitsa. Maso a achemwali anga apenya."

Amene anayankha ndi abambo aja. Analankhula atayang'ana pansi. "Ine ndinkadziwa, abambo. Tsiku loyamba lomwe ndinalakwitsa, amayiwa anakonza ndikumwa madzi. Ndinawaona pagalasi la kabati."

"Munandiona?" anatero amayi. "Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndikananena, ndikanabweranso ndi chifukwa chanji?"

Apa amalume analephera kudzigwira. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinawathamangira ndi kapu ya madzi. Atapeza mpweya anavalanso nkhope ya udikoni.

"Tamverani, akuluakulu inu. Nonse muli ndi imvi. Munthu sangamapalase njinga kuchokera ku Mpama katatu pasabata kudzalakwitsa manambala. Anthu akulankhula, ndipo ine kutchalitchi ndikusowa poyang'ana. Abambo, ankhoswe muli nawo?"

"Alipo achimwene anga."

"Angabwere liti?"

"Loweruka," anayankha mosachedwa, ngati yankholo linali m'thumba la shati kwa zaka zambiri.

"Taimani kaye," anatero amayi. "Mukugulitsana mbuzi? Ine alipo wandifunsa?"

Amalume anatambasula manja. "Funsanitu, abambo. Ife tituluke?"

"Khalani momwemo," amayi anatero. "Ndikufuna mboni. Munthuyu amalemba zimene sanaone."

Abambowo anaimirira, ngakhale kuti anali atangokhala kumene. Anakonza kolala. Anayamba ndi kufotokoza kuti ali ndi munda wa chinangwa, mbuzi zinayi, ndi nyumba ya malata yomwe imadontha mbali imodzi yokha. Anati samwa mowa, fodya anasiya. Anati amadwala bondo nthawi yozizira. Atatha zonsezi anati, "Ndiye ndimati, amayi, kapena tizikhala limodzi."

"Ndiganizira," anayankha amayi, n'kupita kukakolopa madzi kukhitchini.

Anaganizira milungu itatu. Ankhoswe anabwera Loweruka lija n'kubwerera ndi mawu oti adikire. Amalume anapsa mtima, akuti akuwachititsa manyazi pamaso pa anthu a ku Mpama. Amayi anati munthu amene wadikira zaka zonsezi osatsegula pakamwa sangafe ndi milungu itatu. M'masiku amenewo anandituma ku Limbe kukagula nsalu yabuluu, mamita sikisi, n'kundiopseza kuti ndikauza munthu ndikafune kokhala.

Ukwati anadalitsa kutchalitchi kwathu pambuyo pa mapemphero a Lamulungu, popanda zambiri. Ana a abambowo anabwera pa minibasi ya mchimwene wawo, yodzaza ndi abale moti ena anatsikira pazenera. Monga mwa mwambo wa kwathu, mwamuna ndi amene anasamuka. Anafika ndi mbuzi zinayi zija, bedi, wailesi, ndi katoni ya mabuku akale a kampani omwe amayi anawaletsa kulowa nawo m'nyumba.

Ine ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Nyumba ina ya aphunzitsi inali itapezeka, yopanda magetsi, ndipo ndinasamuka teremu yotsatira. Amayi analira pang'ono, kenako anandiwerengera mapoto kuti ndisatenge awo.

Abambowo sanazolowere kukhala manja lende. Anapempha ntchito pamakina, amayi anakana, koma anawalola kusokerera mabatani pa mashati a yunifomu. Amayi anawagulira magalasi pamsika, amene sanathandize kwenikweni. Mpaka lero ndikaima kutsogolo kwa kalasi ndimadziwa shati yomwe yadutsa m'manja mwawo: batani lachitatu limakhala lapita pambali, ndipo mwana amaoneka ngati akukhota pomwe waima chilili. Makolo ena anadandaula. Amayi anawayankha kuti wosakhutira akasoketse ku Limbe.